Anamabotolo ndi mleme wa m'neti

Pa mdadada wa nyumba za lendi zisanu ndi imodzi, chitseko chakumapeto, moyang'anizana ndi mpopi, chinali cha mayi amene aliyense ankawatchula kuti Anamabotolo. Dzina lawo lenileni mwina ankalidziwa ndi eninyumba okha. Anali mayi wamfupi, imvi zitangoyamba kumene m'mbali mwa makutu, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Ankachoka m'mamawa chikwama chakuda chili kukhwapa, n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo akadutsa pakhonde pako fungo la sipiliti linkatsala likuzungulira kwa kanthawi.

Ntchito ankagwira ku koleji ya kuseri kwa msika, m'chipinda chapansi mosungira nyama zakufa zimene ana asukulu amaphunzirira. Analowako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo ngati wosesa, amuna awo atangomwalira. Kuchoka pa tsache anafika potsuka mabotolo. Tsiku lina mphunzitsi wina anaona kuti mayiwa akagwira kanthu manja sanjenjemera, n'kuwapatsa kamleme kakufa ndi rula, amvekere, "Tandiyezereni mkono uwu." Kuyambira pamenepo mileme inakhala yawo. Ubwera ndi ana asukulu, ubwera ndi alonda, wagwa m'kalasi, wonse unkathera patebulo pawo: kuyeza, kulemba nambala, kung'amba pamimba, kubaya mankhwala oumitsa, m'botolo. Sukulu analekezera kupulaimale, ndipo mayina aatali olembedwa pa timapepala ankawawerenga modumphadumpha, koma ukawamanga m'maso n'kuwaika mleme m'manja, ankakuuza banja lake.

Zimenezi anthu a pamdadada sankazidziwa, kapena sankafuna kuzidziwa. Chimene chinkamveka pampopi n'chakuti mayiwa amasunga mileme m'mabotolo. Tsono mayi wamkulu, wokhala yekha, wosunga mileme, nkhani yake mukudziwa kumene imakathera.

Make Kadzungu ankakhala chitseko chachitatu. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, sukulu anailekezera chaka chachitatu cha sekondale, ndipo mwana wake woyamba, wa miyezi isanu ndi itatu, anali ndi masaya otukumuka amene anam'patsa dzina limeneli. Za ufiti ankati sakhulupirira, poti sayansi anaphunzirako, komabe moni wa kwa Anamabotolo ankaupereka ali chapatali. Anali munthu woopa zinthu zambiri. Madzi a mwana ankawiritsa kawiri. Akamva chifuwa kwa aneba ankatseka zenera. Amuna ake ankamuseka kuti akanakhala nkhuku, bwenzi mazira akuwatembenuza mpaka kuwaswa.

Mileme mumdadadamo inalimo kalekale. Siling'i inali imodzi kuyambira chitseko choyamba mpaka chomaliza, ndipo malata akatentha masana munkamveka tswii tswii, ndi kukwasakwasa ngati munthu akufinya mapepala. Pamng'alu wa pakona pankagwa timanyi takuda tonga mpunga wopserera. Make Kadzungu anadandaula mpaka amuna ake, dalaivala wa lole, anatopa nazo. Lamulungu masana, mawa lake ali paulendo wa masabata awiri, bamboyo anabwereka makwerero n'kuyamba kutseka mipata yonse ya pansi pa malata ndi mapepala a simenti ndi dothi.

Anamabotolo anatuluka thovu la sopo lili m'manja.

"Achimwene, nthawi ino ayi! Yonse ili m'katimo, yagona. Dikirani ituluke chakumadzulo ndiye mutseke."

"Mukulira abale anu, mayi?" bamboyo anayankha ali pamwamba, amayi a pampopi n'kuphulika chikhakhali.

"Mukaitsekera khomo lakunja ifuna lam'kati," anatero Anamabotolo, n'kubwerera kukachapa.

Lachitatu m'mawa, kutangoyera, make Kadzungu anasiya mwana ali m'tulo, neti ataipanikiza bwinobwino pansi pa matiresi, n'kupita kumpopi. Madzi ankatuluka ngati misozi, mzere unali wautali. Pobwerera anadabwa kuti sakumva kulira. Anatula ndowa n'kusuzumira kuchipinda. Kadzungu anali atadzuka, wagona chafufumimba, akuseka yekha, kadzanja katatambasukira ku chinthu chakuda chimene chinkakwawa pabulangete, chikudzikoka ndi zigongono. Chinali m'kati mwa neti. Pamwamba pa netiyo, pamene panang'ambika kale iye n'kumangapo ndi ulusi, mfundo inali itamasuka.

Mmene anam'tulutsira mwanayo sakumbuka. Anangozindikira ali panja, phazi lili pansi, mwana ali pachifuwa, akukuwa. Amayi a pampopi anakhamukira pakhomo. Wina anati autenthe. Wina anati kumeneko n'kutumidwa, mleme sulowa m'neti wokha. Wina anavula patapata kuti alowe akauthire.

"Musauphwanye!"

Anali Anamabotolo, kiyi wa kunyumba kwawo akadali m'manja. Anatsegula chikwama chakuda chija n'kutulutsa golovesi lachikopa, lokhuthala, lothimbirira ndi ntchito. Analowa, ndipo pasanapite nthawi anatuluka atafumbata. Amayi aja anabwerera m'mbuyo, ena akulavula.

"Beseni, sopo, madzi ambiri," anatero akuyang'ana make Kadzungu. "Mumusambitse thupi lonse, muyambire manja ndi kumaso. Osapupuluma. Mukatha mubwerezenso, maso anu ali pakhungu."

"Wamuluma? Amayi, wamuluma?"

"Ine panalibe, mwana wanga, nawenso panalibe. Sambitsa."

Anasambitsa. Sopo anam'pulumuka kawiri. Anatambasula kachala kalikonse, anayang'ana m'mipata ya zala za kuphazi, kuseri kwa makutu, m'makwinya a m'khosi momwe mumabisala mkaka. Anapeza pamene panaluma udzudzu dzana, ndi kamzere ka patsaya kamene mwanayo anadzikanda yekha. Kapena sanadzikande yekha? Dzulo kanalipo kodi? Anayesa kukumbuka nkhope ya mwana wake ya dzulo, koma m'mutu munali mbuu. Kadzungu yekha ankamenya madzi ndi manja, akusangalala kuti lero kusamba kwatalika.

Anamabotolo anali atakhala pa sitepe, dzanja la golovesi lili pabondo. Mleme uja unali wofooka. Unayasamula kamodzi popanda mawu, unakoka phiko, kenako zii.

"Wapita," anatero mayiwo. "Masiku atatu wopanda madzi."

"Ndi uja woyamwa magazi?" anafunsa make Kadzungu.

"Oyamwa magazi kuno kulibe. Uwu ngwa tizilombo touluka. Taonani kuno."

"Sindikufuna kuuona."

"Onani. Akakakufunsani kuchipatala mukati chiyani? Kuti munaona mdima?"

Make Kadzungu anakulunga mwana m'thaulo n'kuyang'ana, khosi lokha litatalika. Kanthuko kanali kakang'ono kuposa mmene kanaonekera m'neti muja, thupi lake losaposa chala chachikulu cha mwamuna, ubweya waufupi, wosalala ngati nsalu ya pampando wa galimoto.

"Mleme umayamba kuuwerenga kumchira," anatero Anamabotolo, mawu awo atasintha, atakhala a munthu amene ali pamalo pake. "Ilipo ikuluikulu ija ya m'mitengo ya zipatso, ya maso aakulu. Imeneyo mchira n'kachitsa chabe, ina ilibiretu. Ilipo ya mphuno zokhala ngati wina anamatapo tsamba. Ilipo ina yambirimbiri imene mchira wake wonse unasokereredwa m'khungu ili la pakati pa miyendo, ngati chingwe cha m'kabudula. Tsono uwu taonani."

Anautembenuza. Khungu lopyapyala lija linalekezera pakati, mchira n'kupitirira wokha, wonenepa, wonga wa mbewa.

"Mwaona? Aphunzitsi banja limeneli amati molosidi. Ine ndimangoti amchirapanja. Ndiwo eni ake a madenga a malata. Taonani milomo, makwinya okhaokha ngati nkhalamba yotha mano. Makutu okhuthala, ogwera kutsogolo, ndipo apa pachipumi alumikizana ndi kachikopa. Kuphazi uku, tizala tam'mbaliti tili ndi timaubweya topindika kunsonga. Chimenecho n'chipeso chake, umadzipesera."

Anagwira nsonga ya phiko n'kulitambasula. Linatalika modabwitsa, lowonda, losongoka ngati mpeni, mafupa ake akuonekera m'kati ngati nthiti za ambulera.

"Izi n'zala, zinayi, zinangotalika. Chachikulu ndi ichi chatsala panja ndi chikhadabo. Phiko lotere ndi la liwiro, la kumwamba kwenikweni, koma pansi silinyamuka. Uwu ukagwa suuluka ngati mpheta ayi, umafuna pokwera kuti udziponye. N'chifukwa chake umakwawa pabulangete. Sunadzere mwana wanu, umafuna khoma."

Mtima wa make Kadzungu unatsikako pang'ono.

"Ndiye poti ngwa tizilombo, si woopsa eti?"

Anamabotolo anapinda phiko lija mosamala ngati akupinda mpango wa eni ake.

"M'banja lomweli muli mitundu yambiri. Nditati ndiyeze mkono uwu, ndiwerenge mano, ndione ngati awiri akutsogolowa agundana kapena atalikirana, ndikhoza kukuuzani mtundu wake weniweni. Koma kudziwa banja la munthu si kudziwa matenda ake. Yambiri ilibe kanthu. Umodziumodzi umakhala ndi chiwewe, chonga cha agalu chija, ndipo wodwalayo ndi amene amakonda kupezeka pansi. Ine anandibaya katemera chifukwa cha ntchito yomweyi. Uwu mwina wagwa ndi ludzu. Mwina."

Chiwewe. Make Kadzungu anakumbukira tsamba la buku la sayansi, chithunzi cha galu wa dovu kukamwa, ndi mawu a aphunzitsi akuti matendawa akangoonekera, palibe amene amabwerera.

"Nyamukani pompano, mukagwire mzere kuchipatala," anatero Anamabotolo akuimirira. "Ine ndidzere kuntchito ndikatsanzike, ndikapezenso choikamo ichi. Ndikupezani konko."

M'minibasi make Kadzungu anaimbira amuna ake. Mawu ankaduka, kumbuyo kukumveka injini.

"Kamleme basi? Ife takula nayo imeneyo. Wamuluma?"

"Sindikudziwa."

"Magazi alipo?"

"Palibe."

"Ndiye ukumutengeranji kuchipatala? Iwe mwanayu udzam'tha ndi majakisoni."

Anadula foniyo n'kuiika m'bulauzi. Mayi amene anakhala naye pafupi anayamba kusewera ndi kaphazi ka Kadzungu, iye n'kukabisa m'nsalu.

Kuchipatala anam'patsa kachikatoni ka nambala makumi anayi ndi zitatu. Anakhala pa benchi maola atatu, akusendera pang'onopang'ono. Mwana akayasamula, iye ankayang'ana m'kamwa. Akatuluka dovu, ankalipukuta n'kuliyang'anitsitsa pansalu, ngakhale ankadziwa bwino kuti mwana amene akumera mano dovu silimuthera. Moyang'anizana naye panali bambo wina wamkulu, katumba atakulungidwa ndi bandeji yofiira. Anati anam'luma galu wa pachigayo. Maso a make Kadzungu ankangopita kukhomo. Anamabotolo osaoneka.

Dokotala anali wachinyamata, cholembera chili kukhutu, maso ofiira ndi kutopa. Namwino amene ankam'thandiza anali mayi wonenepa, wanthabwala. Anam'vula Kadzungu n'kumutembenuza uku ndi uku ngati akusankha dzungu lenileni pamsika, dokotala akuunika ndi tochi.

"Bwana uyu alibe ndi kachipsera komwe," anatero namwino. "Mleme ukanati ulume masaya amenewa bwenzi utakhuta mpaka chaka chamawa."

Make Kadzungu sanaseke.

"Kamzere aka?"

"Chikhadabo chake chomwe," anatero dokotala. "Munauona ukumuluma?"

"Ndinali kumpopi."

"Analira?"

"Sindinamve. Kumpopi kunali phokoso."

Dokotala anakhala pansi n'kupukuta kumaso ndi chikhatho.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Katemera amene ndatsala naye m'firijimo ndi wochepa kwambiri, ndipo wina sindikudziwa adzafika liti. Panjapo mwaona nokha, pali anthu olumidwa ndi agalu, mabala ali poyera. Uyu alibe bala. Mukanabwera ndi mlemewo, bwenzi tikutumiza mutu wake ku labotale ya zanyama, akayeze ubongo. Mawa kapena mkucha timva. Ukapezeka nacho, mwana timuyamba pompo."

"Ukubwera! Ukubwera, adokotala, ali nawo amayi ena, aneba anga."

"Ndiye dikirani panjapo. Akafika mungolowa."

Anadikira ataimirira, poti kukhala kunam'kanika. Dzuwa linali litafika paliombo pamene anaona kamutu ka imvi kaja kakupyola pakati pa anthu, chikwama chakuda chitagwiridwa ndi manja awiri. Anathamanga n'kuwagwira pamkono, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Afuna mutu wake, amayi. Akuti akayeza ubongo, mawa timva."

Anamabotolo anaima. Nkhope yawo inachita ngati munthu amene waponda pamene amayesa kuti pali sitepe koma palibe.

"Ubongo," anatero motsitsa.

"Tiyeni, akutidikira."

M'chipinda muja anaika chikwama patebulo, koma zipi anaitsegula mochedwa. Anatulutsa botolo lagalasi, loyera mbee, lotsekedwa bwino. M'kati mwake mleme uja unkayandama m'madzi oyera, mapiko atapindidwa mwaluso, pamimba patang'ambidwa kamzere kowongoka, kumwendo kutamangidwa kapepala ka nambala ndi tsiku.

Dokotala anatsegula chivindikiro, ananunkhiza, n'kubweza mutu msanga.

"Mwauika m'chiyani umenewu?"

Anamabotolo anayang'ana pansi.

"Mayi, awa ndi mankhwala oumitsira. Mwaubayanso?"

"Ndaubaya."

"Ndiye basi. Labotale yathu ija imafuna wauwisi, wongozizira. Uwu sangaulandire n'komwe."

Make Kadzungu anayang'ana dokotala, anayang'ana botolo, anayang'ana Anamabotolo. Mayiwo anali atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndinangofika patebulo panga," anatero, osayang'ana munthu. "Ndimati ndipeze kachitini. Ndazindikira ndikusamba m'manja, botolo lili apo. Manjawa achita okha. Zaka zonsezi mleme ukafika patebulo paja..." Anapukusa mutu. "Ndipo ndimadziwa. Anatiphunzitsa. Ndimadziwa ndithu."

"Amayi!" Mawu a make Kadzungu anatuluka opyapyala. "Amayi, mwandipheranji mwana?"

"Aaa, nanunso, palibe wafa pano," anatero namwino, koma nthabwala zinali zitamuthera.

Dokotala anakoka kabuku ka mwana n'kuyamba kulembamo.

"Pitani naye kunyumba, muzimuyang'anira. Mukaona chachilendo, kutentha thupi, kukana kuyamwa, mubwere msanga."

"Akaona chachilendo abwere kudzatani, adokotala?"

Anali Anamabotolo. Anali ataweramuka.

"Inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Chachilendocho chikaoneka, abwere kudzatani?"

Dokotala anasiya kulemba. Sanakwiye. Anangoti, "Mayi, bala palibe. Ndim'mane bambo ali panjayo, wa mwendo wong'ambika, chifukwa cha bala limene sindikuliona?"

"Mundibwerekeko golovesi limodzi, la mphira lija."

Namwino anayang'ana dokotala, dokotala anakweza mapewa. Anamabotolo anatenga golovesilo, anapita pa sinki ya pakona, analidzaza madzi mpaka zala zake zinatukumuka ngati bere la ng'ombe, n'kumanga kukamwa kwake. Anam'patsa namwino kuti agwire. Kenako anatulutsa kachitsulo kopanira m'chikwama, anavuula mleme uja, n'kuukanula kukamwa. Manja aja, amene mphindi yapitayo anali atakakamira tebulo, sankanjenjemera ndi pang'ono pomwe.

"Unikani apa."

Dokotala anaunika. Make Kadzungu nayenso anasendera, mwana atam'panikiza pachifuwa. M'kamwa mofiirira muja munali timano toyera, tinayi tosongoka, ndipo kumbuyo kwake kunali tina tonga mano a sowo, tonse tating'ono kuposa nsonga ya singano yosokera.

"Awa ndi oswera zigoba za tizilombo," anatero Anamabotolo. "Akuthwa kuposa lumo. Ine andilumapo pachala ichi ndili ndi golovesi lopyapyala, osamva, osaona. Ndinadziwira poti ndinauona ukuchita."

Anagunditsa kakamwa kaja pa chala chimodzi cha golovesi la madzi lija, anapanikiza pang'ono, n'kuchotsa.

"Pezani bowo, adokotala."

Dokotala anaunika chalacho, anachitembenuza, anachiyandikiza kumaso. Mphira unali wosalala.

"Palibe."

"Anamwino, finyani."

Namwino anafinya. Pa chala chija panatuluka timizere tiwiri ta madzi, topyapyala ngati ulusi wa kangaude, n'kukagwera pa kabuku ka Kadzungu.

Panja wina ankaitana nambala makumi asanu ndi limodzi.

"Khungu la mwana wa miyezi isanu ndi itatu ndi lofewa kuposa mphira uwu," anatero Anamabotolo. "Mwanayu sayankhula, sangatiuze. Amene akanatiuza ndi mlemewu, ndipo pakamwa pake ndatseka ndine. Cholakwa ndi changa. Musam'lipitse mwana."

Dokotala anayang'ana madontho aja pakabuku kwa nthawi yaitali. Make Kadzungu ankafuna kugwada, kulonjeza chilichonse. Anangotambasula kamwendo ka mwana kuchokera m'nsalu, ngati kuti akakaonetsa kokha, zitheka.

"Tatsala ndi angati m'firijimo?" dokotala anafunsa.

"Okwanira anthu atatu," anatero namwino. "Panjapo olumidwa ndi awiri."

"Ndiye wachitatu ndi uyu. Wina akabwera madzulo ano mudziwe chomuuza, chifukwa ine mawu andithera." Anafufuta zimene analemba zija, n'kulemba zina. "Mayi, jakisoni si mmodzi. Lero, kenako masiku awa ndalemba apawa. Mukadumpha limodzi mwawononga katemera amene akanapulumutsa munthu wina. Mwamva?"

"Ndamva, adokotala. Ndamva."

"Ndipo inu mayi, chotsani chinthu chanucho patebulo panga."

Namwino anapukuta ntchafu ya Kadzungu ndi thonje. Mwanayo ankamuyang'ana akumwetulira, poyesa kuti ndi masewera. Singano italowa anakhala kaye chete, kukamwa kuli yasa, nkhope ikufiira, kenako anakuwa mpaka anthu a pabenchi anasuzumira. Make Kadzungu, amene tsiku lililonse la sikelo ankalira limodzi ndi mwana, lero kulirako anakumva ngati madzi ozizira pakhosi.

"Lirani bwana, lirani," anatero namwino. "Mukauze bambo anu kuti mwakumana ndi mleme wa yunifolomu."

Masabata awiri otsatirawo anali aatali kuposa mimba yonse ya Kadzungu. Kabuku kaja make Kadzungu ankakasunga m'pepala la pulasitiki pansi pa pilo, ndipo masiku olembedwawo ankawawerenga m'mawa uliwonse ngati angasinthe okha. Jakisoni wachiwiri anam'tenthetsa mwana thupi, iye n'kuthamangira kuchipatala thukuta lili kamukamu, namwino n'kumubweza kuti zimenezo zimachitika. Tsiku lina mwanayo anakankha kapu ya madzi, iye, pokumbukira kuti wachiwewe amaopa madzi, anakhala pansi pomwepo, mpaka Kadzungu anadzakwawira yekha kapuyo n'kumwa theka, theka kudzithira.

Ndi Anamabotolo sankayankhulana zambiri. Mkwiyo unali usanathe, ndiponso sankadziwa kuti munthu amene wakulakwira ndi kukupulumutsa tsiku limodzi umam'patsa moni wotani. Koma tsiku lililonse la jakisoni, akamatuluka m'mawa, ankawapeza mayiwo ataima pampopi, atavala kale, ngati akungodutsa. Ankakwera minibasi imodzi, kukhala benchi imodzi, kubwerera osanena kanthu. Kuntchito mayiwo ankanena chiyani, make Kadzungu sanafunse.

Tsiku la jakisoni womaliza namwino anadinda kabukuko n'kunena kuti, "Basi, bwana amaliza sukulu." Atatuluka, anakhala pa kakhoma ka panja pa chipatala kuti mwana ayamwe, atonthole. Magalimoto ankadutsa. Make Kadzungu anayang'ana kutsogolo, osati kwa mayiwo.

"Amayi, inu mwagwira yambirimbiri. Mmene munauonera uja, unali wodwala?"

"Sindikudziwa."

"Ngakhale kungoganizira?"

"Ndikanama. Mkono ndinayeza, mano ndinawerenga, mtundu wake ndikhoza kukuuzani ndili m'tulo. Koma chimene mukufunsacho chinali m'mutu mwake, ndipo sitidzachidziwa. Ine ndi inu tidzafa osachidziwa."

"Nanga ndidzaleka liti kumuyang'ana chonchi?"

Anamabotolo anapumira m'mwamba.

"Wanga ali ndi zaka makumi atatu, ali ndi ndevu, amakhala kutali. Akachedwa kuyankha foni ndimayamba kuvala nsapato."

Kadzungu anali atagona, bere litapulumuka pakamwa, kantchafu ka pulasitala kali panja. Minibasi inaima, kondakitala akuitana, koma make Kadzungu sananyamuke. Anaika chikhatho pachifuwa pa mwanayo n'kuyamba kuwerenga mpweya wake chamumtima, ndipo mayi wamkuluyo anaikwezera dzanja minibasiyo kuti izipita.